Matope m'beseni la amake Esnati

Lolemba
Chaka chakwana chindichotsereni ntchito kumgodi kuno ku Kitwe. Ndamva kuti mapaipi a matope akutsekeka. Alekerenji? Eni atsopano akuthira madzi ambiri. Ine matope amenewo ndagwira zaka twente-sikisi. Akakhala olimba ngati phala, ukakoka kamwala kamodzi anzake amatsatira. Akachuluka madzi, kalikonse kamamira pakokha. Poti ndinalekeza sitandade sikisi, palibe anandifunsapo. Lachisanu ndikawaonetsa ndi maso, andibwezere ntchito.
Zofunika: beseni, dothi lapachulu, chimanga, ulusi.

Lachiwiri
Beseni ndi la mkazi wanga, amake Esnati. Ndatenga iwo ali kumsika. Ndamwaza chimanga pamatope, njere imodzi ndamanga ulusi. Ndikukoka pang'onopang'ono. Zinzake zisanu zikutsatira pamzere, popanda wozikoka! 

Lachitatu
Nkhuku. Zasiya njere imodzi, ya ulusi ija.
Amake Esnati kwa ine: "Bashi Esnati, ndizichapira m'chipewa chanu?"

Lachinayi
Lero nyemba, beseni padenga. Dzuwa laumitsa matope, ang'ambika. Ndathira madzi. Ndathiranso. Nyemba zonse zamira, iliyonse payokha.
Ndachita zomwe akuchita eni mgodi. Sindiuza munthu.

Lachisanu
Wilibala, suti yakutchalitchi, 7 koloko. Msewu ndi maenje okhaokha, mgodi unaleka kukonza. Theka la matope lili pabuluku.
Mlonda wapageti ndi Mwansa, tinkadyera limodzi kukantini. "Mudala, abwana ali ku Lusaka. Onetsani ine."
Ndikukoka. Nyemba yatuluka yokha, zinzake zii. Mwansa akuyang'ana nsapato zake. Wandikankhira wilibala mpaka pamphambano.

Loweruka
Amake Esnati amatira khola ndi matope otsala. Akuti dothi labwino, losakanizidwa mwaluso. Nkhuku zapindula kawiri.

Lamulungu
Suti siinaume, kutchalitchi sindipita. Amake Esnati nawonso sanapite, akuti bondo. Bondo lomwelo dzulo limakwera khola.
Tili pakhonde. Akusenda mtedza, osandiyang'ana.
"Lachiwiri ndinaona pawindo. Zinatsatiradi, zisanu. Ngati ndi kubwerera kumudzi ku Chipata, tiyeni. Mukasuntha inu, ine ndili pambuyo. Ulusi musavutike nawo."
Kitwe yense, wamvetsa ndi munthu mmodzi, ndipo alibe ntchito yondipatsa.
Beseni ndatsuka ndekha. Ndabweza.