Kaiti ya Maambulera Inandiulutsa Mpaka ku Bangwe

Amene ali ndi chiseko aseke pompano ndisanayambe, amalize, apukute misozi, chifukwa ndikangoyamba sindifuna kuona mano a munthu. Inu a kabaza mukaimika njinga zanu pamthunzi pangapa kudikira makasitomala, mumayesa mdala wokonza maambulerayu anabadwira pabenchi pomwepa atagwira pulayala. Ine Namaona ndinaulukapo. Osati pandege, osati kutulo, osatinso za m'lichero mukuganizazo, ine ndine munthu wopemphera. Ndinauluka masana, Loweruka, Ndirande yense akuona ndi maso. Mukufunsa vidiyo? Magetsi anali atazima masiku atatu, mafoni a m'tauni muno onse atagona ngati nkhuku za chitopa. Umenewo si mlandu wanga.

Ntchito yangayi imayendera mvula. Ikangokata mu Epulo, anthu amaiwala kuti anasiya maambulera okonzetsa, ndiye chaka chimenecho anandidzadzira kunsi kwa bedi, akuda, amaluwamaluwa, ena olembedwa mayina a zipani zimene zinatha kalekale. Pofika mu Ogasiti ndinkangokhala pano manja lende, kuonerera mphepo ikuulutsa majumbo pamwamba pa msika, mpaka tsiku lina ndinakumbuka makaiti amene tinkapanga tili ana, a nyuzipepala ndi bango, n'kunena mumtima kuti mwana amapanga kaiti ya msinkhu wake, nanga ine wa imvi ndilekerenji kupanga ya msinkhu wanga?

Ndinasenda nsalu za maambulera onse aja, makumi anayi ndi mphambu, n'kuzisoka pamodzi masabata atatu, mafupa ake nsungwi zomanga ndi masipoko, chingwe chake cha linya, ulusi uja wa m'matayala, chopota katatu, chachitali choti mungayanikepo zovala za Ndirande yense n'kutsalako. Itatha inali ngati denga la chigayo. Koma kaiti yopanda mchira ili ngati chidakwa, imangozungulira n'kudzimenyetsa pansi, ndipo mchira wa chinthu chachikulu choncho unkafunika nsalu yolemera, ya jenuwini. M'nyumba monse nsalu yotero inali imodzi yokha: chitenje cha akazi anga, amake Esinati, chimene anavala pa chinkhoswe cha mwana wathu n'kuchipinda pansi penipeni pa sutukesi. Ndinachidula mizere inayi iwo ali kumsika.

Zaka makumi atatu amayi amenewo akhala akundikalipira, mpaka ndinazolowera ngati wailesi. Tsiku limenelo sanakalipe. Anayang'ana mchira uja, anayang'ana ine, analowa m'nyumba, anatuluka ndi kachikwama. Pakhomo anangoti, "Ikuphikireni kaitiyo, bambo." Basi, ulendo wa ku Bangwe kwa akulu awo.

Sabata yathunthu ndinakhala ndekha, kudya mbatata yootcha n'kumauza anthu kuti abwera okha amenewo. Koma kunena zoona m'nyumba munali zii, mpaka ndinayamba kulankhula ndi ketulo. Mtima unkafuna kupita kukapepesa, miyendo inkakana ndi manyazi. Ndiye ndinati ndiyambe ndaiulutsa kaitiyo, anthu aone kuti chitenje chija sindinachidule pachabe.

Loweruka m'mawa tinainyamula anthu asanu ndi mmodzi kupita nayo ku Bichi. Inu obwera dzulo simukudziwa: kumunsi kwa mtsinje wa Nasolo, pamene okumba mchenga amaunjika milu yawo, pali mchenga woyera ndithu, ndipo ife a kuno, poti nyanja ili kutali, timangoti ku Bichi. Mnzanga Che Jafali, wosoka nsapato amene tinkakhala naye benchi limodzi, anandichenjeza. "Che Namaona, mphepo ya leroyi ilibe adiresi. Taonani utsi uwo, wapita uku, wabwerera uku." Ankanena zoona. Mphepo ya mu Blantyre si imodzi. Ilipo yotsika m'phiri la Ndirande, ilipo ya ku Michiru, ya ku Soche, ya ku Mpingwe, ndipo tsiku limenelo zonse zinayi zinadzuka ndi mkangano. Ine ndinangomanga chingwe m'chiuno kuti manja asachekeke, n'kuuza anthu aja kuti, "Ponyani!"

Mukumva? Kaiti ija inayamba yaima kaye chilili ngati ikuganiza, kenako inakoka mpweya umodzi, maambulera onse aja n'kufufuma nthawi imodzi kuti phuu, ndipo inakwera, inakwera, chingwe chikulira ngati gitala, mthunzi wake n'kuphimba Bichi yonse mpaka nkhuku za tsidya lija zinayamba kulowa m'khola poyesa kwada, ndiye chingwe chitatha kumpukutu ndinangomva m'chiuno kuti khu, mapazi anga n'kulemba mizere iwiri pamchenga, kenako osalembanso kanthu. Che Jafali anadumpha n'kundigwira phazi, koma anatsala ndi nsapato m'manja, nsapato yoti anaisoka yekha, akukuwa kuti, "Ndinanena ine! Ndinanena!" mawu ake akucheperachepera pansi.

Poopa kukodwa m'mawaya a magetsi ndinakwera chingwecho dzanja ndi dzanja, ndikuchikulunga m'chiuno, mpaka ndinakafika kunsi kwenikweni kwa kaiti, pafupi ndi mchira. Mphepo ya m'phiri inanditengera cha ku Kameza, kumene ndinakumana ndi kamvuluvulu amene anandizunguza pa raundabauti paja katatu, motsata lamulo la pamsewu ndithu, maminibasi ali pansi panga ngati nyerere zonyamula shuga, kenako mphepo ya ku Michiru inandilanda, ndege yochokera ku Chileka n'kundipatukira, woyendetsa wake atatsegula windo kundifunsa ndi dzanja kuti ndalowera kuti, ine n'kumuyankha ndi mapewa poti sindinkadziwa, akhwangwala khumi ndi awiri atatera pansungwi zanga ngati apeza basi yaulere. Ku Chilomoni kunali mpira, wina anaumenya mokweza n'kudzandipeza, ine ndinangoubweza ndi phazi lopanda nsapato lija, chigoli, ndipo mpaka lero akukanganabe kuti anagoletsa ndani. Ndikati ndikupita kumadzulo mphepo yasintha, ndikati kumwera yandibweza, chipewa chinandichoka ku Chilomoni komweko n'kudzandipezanso chokha pamwamba pa Chitawira, n'kukhala pamutu bwinobwino.

Koma zimene ndikufuna mumvetsetse ndi izi. Pamwamba pa Zingwangwa mphepo zonse zinayi zinakumana mphumi ndi mphumi, n'kuima. Zii. Kaiti osakwera, osatsika, ine lende pakati pa thambo ngati nyama ya m'butchala. Ndipo ndinayang'ana pansi. Abale anga, tauni imene timaitukwana tsiku ndi tsikuyi, ya fumbi ndi ngalande zonunkhayi, kumwamba kuja ndi chinthu china. Malata onse, atsopano ndi adzimbiri omwe, ankanyezimira ngati mamba a nsomba imodzi yaikulu yogona pakati pa mapiri, tinjira tonse timene timasocheramo tikuoneka ngati mizere ya m'dzanja, ndipo phokoso lonse linkakwera kwa ine losasakanikirana, lililonse palokha: chigayo cha dizilo cha ku Machinjiri, kwaya ikuphunzira nyimbo ku Chilomoni, mwazini wa kumzikiti akuitanira swala ya masana, osula mbaula a ku Ndirande ndi nyundo zawo, mayi wina ku Chinyonga akunyengerera mwana kuti adye. Ndinaona ndi nyumba yanga yomwe, yaing'ono ngati bokosi la machesi, matayala awiri ali padenga. Nyumba zonse zoyandikana nayo zinkafuka utsi wophika. Yanga yokha ayi.

Ndili m'maganizo choncho ndinamva kuzizira kumsana. Potembenuka, chiperoni! Chimtambo chotuwa chochokera cha ku Thyolo, chikukwawa ngati bulangete lonyowa, chinandikankha n'kukandimeza pamwamba pa Limbe, ndipo apa m'pamene maambulera aja anakumbuka ntchito yawo. Mvula yowaza ija inkagwera pakaiti n'kutsetserekera m'mbali, ine kunsi kwake ngakhale dontho, ndipo pansi pamtunda pankayenda malo ouma ozungulira, aakulu ngati bwalo la mpira, moti amayi amene anayanika ufa ankathamanga nawo limodzi atasenza mphasa zawo, ogulitsa kaunjika akukoka mabelo kutsatira mthunzi wanga, Limbe yense akuyenda mbali imodzi ngati maliro a munthu wolemera. Mukumva, inu?

Kenako mpweya wina unandinyamula kuchokera pansi, ndinaboola mtambo uja n'kutulukira pamwamba pake. Apa ndiye mawu amandithera. Kulibe tauni, kulibe phokoso, akhwangwala aja anali atatsikira panjira. Pansi ponse payera mbuu ngati thonje la dziko lonse alikhuthulira malo amodzi, dzuwa lili phee, lofunda, nsonga za mapiri zokha zitatulukira, Ndirande apa, Soche apo, Chiradzulu uko, ndi Mulanje kutali atakhala ngati mwini wake wa zonsezo. Mthunzi wanga unali pamtambopo, kamunthu kolendewera, katazunguliridwa ndi utawaleza wathunthu, wozungulira ngati mphete, wopanda poyambira, wopanda pothera. Ine ndalowa m'tchalitchi moyo wanga wonse, koma tsiku limenelo m'pamene ndinavula chipewa popanda wondiuza. Ndipo chimene chinandilasa mtima n'chakuti ndinatembenuka kuti ndinene, "Amake Esinati, taonani," koma pambali panga panalibe munthu. Panali mchira wokha uja, mizere inayi ya chitenje chawo, ikukupiza pamaso panga.

Mtambo utang'ambika pang'ono ndinaona phiri la Bangwe kunsi kwanga, ndi nyumba ya alamu anga ya chitseko chobiriwira, koma mphepo inali itayamba kundikokera kum'mawa, ku Mozambiki. Ndinadziwa kuti ndikapitirira pamenepa sindidzawaonanso akazi anga. Ndinadziwanso kuti kaiti ikachotsedwa mchira imagwa. Ndinayamba kumasula. Mzere woyamba, kaiti inagwedezeka, wachiwiri, inapendama, wachitatu, inayamba kuzungulira, wachinayi ndinachita kumasula ndi mano, n'kuilowetsa yonse m'malaya, ndiye tinatsika, ine ndi maambulera anga, tikuzungulira ngati nguli, Bangwe yense akuzungulira nafe, nsungwi zikuthyoka imodziimodzi, misoko ikuphulika, nsalu iliyonse n'kuuluka payokha, moti mpaka lero ku Bangwe kuli mabanja amene amafunda ambulera yogwa kumwamba, mpaka ndinatsala ndi kansalu kamodzi m'manja, kamaluwamaluwa, ndipo kameneko n'kamene kananditsitsa kuti phii pa mulu wa makoko a nandolo, kuseri kwa khitchini ya alamu anga.

Amake Esinati anali pakhonde akusankha mpunga. Ndinagwada ndi nsapato yanga imodzi ija, ndinatulutsa mizere inayi ya chitenje n'kuiika pamapazi awo.

"Mwabwera bwanji?" anandifunsa.

"Ndagwa kumwamba, mayi."

"Zikuoneka." Anatola mzere umodzi n'kuuyang'ana mbali zonse. "Singano mwatenga?"

Singano ine ndimayenda nayo pakolala nthawi zonse. Ndinakhala pakhonde pomwepo masiku awiri, kulumikiza chitenje chija ndi msoko waung'ono woti ngakhale nsabwe singapeze polowera, alamu anga akungondidutsa osandipatsa moni. Lolemba madzulo akazi anga anachivala, anazungulira nacho kamodzi, anasisita pamsoko ndi chala, n'kunena kuti, "Tiyeni, nyumba ija mwina mwaisandutsa khola."

Alipo mpaka lero, ndi aja amagulitsa tomato kuseri kwa shedi yachiwiri. Koma musavutike n'kukawafunsa, ndikuuziranitu zimene akanene. Iwo amati kaiti ija sinauluke n'komwe, inangondikhwekhwereza pamchenga n'kukandigwetsera mu Nasolo, ndipo ku Bangwe ndinafika pa minibasi ya folo koloko, matope thupi lonse, ndikulira kuyambira pasiteji mpaka pakhomo. Nanga iwo, maso ali pampunga, kumwamba anayang'anako nthawi yanji?

Kulirako ndikuvomera. Za minibasizo ayi.