Chipewa cha a Namakhwa pa Intaneti

Lolemba, 12 Marichi 2007

Wiki ino ndipeza mkazi kapena ndisanduka chiseko cha Thyolo yense.

Enifa, mtsikana amene ndikufuna kukwatira, wabwera ndi uthenga wowawa. Amalume ake, a Namakhwa, kapitawo wa pa esiteti pano, mkulu wa mpingo wa Sabata, akana kulandira ankhoswe anga. Ati: "Woimba gitala m'mabala uja? Ntchito yake yeniyeni ndi chiyani?" Enifa wawauza kuti ndimapanga mawebusaiti. Iwo: "Abwere nayo imodzi ndiigwire."

Aigwire! Zaka zitatu ndikuphunzira makompyuta ku Blantyre, munthu akufuna kuigwira ngati khasu!

Koma Mulungu si Jemusi. Bwana manijala anandipatsa kale ntchito yopangira esiteti webusaiti, kuti ogula tiyi akunja aziona. Loweruka 2 koloko tikuionetsa ku holo. Pulani:

1. Mawa kujambula othyola tiyi.
2. A Namakhwa patsamba loyamba, chithunzi chachikulu.
3. Bandi yathu iimbe nyimbo IMODZI basi. Nthawi yotsalayo ndiime pafupi ndi kompyuta nditavala tayi.
4. Ankhoswe.

Ndauza makapitawo onse kuti achenjeze anthu: zithunzizi zidzaoneka dziko lonse lapansi.

Lachiwiri, 13 Marichi

Abale inu!

6 koloko ndafika kumunda ndi kamera. M'tiyimo mwadzaza masuti. Masuti, mataye, mayunifolomu a kutchalitchi, nsapato zopolisha zikumira m'matope. Mayi wina wavala diresi laukwati, ndi chophimba kumaso chomwe. Bambo wina wanyamula wailesi paphewa. Ana, agogo, apongozi ochokera ku Chimaliro, onse alipo.

Madengu? Asiya kunyumba. Ati mame awononga zovala.

Palibe akuthyola tsamba ngakhale limodzi. Aima m'mizere, manja m'mbali, nkhope zolimba.

Ine: "Sekaniko pang'ono."
Yankho: "Tiseke chiyani? Chithunzi si masewera."

A Namakhwa: suti yakuda, Baibulo pachifuwa, chipewa cha nthenga kumutu. Ndawajambula kasanu ndi kawiri. Sanandiyankhe moni.

10 koloko sikelo ikadali yopanda kanthu. Bwana manijala atsika m'galimoto, ayang'ana munda, ayang'ana ine. Pakamwa pawo patseguka koma mawu osatuluka.

Lachitatu, 14 Marichi

Mawu aja atuluka lero, onse. Ati ogula akufuna kuona anthu akugwira ntchito, osati ukwati.

Ndabwerera kumunda kukapempha kuti tijambulenso ndi zovala zantchito. Ndikanadziwa! Mayi wa diresi laukwati uja wandiloza chala pamphuno: "Mwana wanga ali ku Joni. Andione nditavala thumba la feteleza? Amayi anu mungawajambule choncho?"

Ndachita manyazi mpaka kumapazi, chifukwa amayi anga sindingawajambule choncho ayi.

Tagwirizana pakatikati: suti avale, dengu aberekenso. Tsopano ndili ndi zithunzi za anthu othyola tiyi atavala mataye. Bwana aziona, agwira mutu, ati: "Ikani zimenezo, nthawi yatha."

A Namakhwa dengu akana. Iwo ndi kapitawo, sabereka dengu. Podutsa andifunsa funso lawo loyamba chibadwire: "Ntchito ija ndi yojambula anthu?" Ndati ayi, adikire Loweruka. Ati: "Mm."

Mm ameneyo wandikanikitsa nkhomaliro.

Lachinayi, 15 Marichi

Kutumiza zithunzi pa intaneti. Intaneti ya pano imadutsa pa waya wa foni ya ku ofesi. Wina akanyamula foni, zonse zaduka, yambiranso.

Akalaliki anyamula foni lero:
kuyitana fakitale,
kuyitana dalaivala wa thirakitala,
kufunsa za maliro ku Luchenza,
kumvetsera ngati foni ikugwira ntchito. Kawiri!

Ndawafotokozera bwinobwino. Ati amva. Anyamulanso.

Madzulo Fanuel, woimba ng'oma wathu, wabwera kudzandifunsa ngati mutu wanga ukuyenda. "Loweruka 2 koloko? Pa Sabata? Ine ndodo sindigwira mpaka dzuwa lilowe. Ndipo amalume ako awo adzakhala ali kutchalitchi."

Mayo ine! Mwambo wonse ndakonzera munthu amene sangabwere! Ndinabadwira konkuno, belu la ku mishoni limandidzutsa Loweruka lililonse, ndiye ndaiwala Sabata?

Ndathamangira kwa bwana, ndagwada ndithu. Avomera kuti tiyambe dzuwa likalowa.

Lachisanu, 16 Marichi

Ndapita ku Limbe, ku kafe ya intaneti yothamanga. Minibasi yaima pa Bvumbwe ola lathunthu kupakira kabichi. Thumba limodzi lakhala pamiyendo panga, laputopu pansi pake.

Ndafika mochedwa. Ndangokhala pansi, mwini kafe akuyang'ana dzuwa pawindo. "Achimwene, changu. Sabata ikulowa, ndikutseka." Nayenso! Anthu amenewa agwirizana kapena?

Ndatumiza zonse mothamanga. Zalowa. Ndapuma.

Pobwerera mvula. Osati mvula yamasewera. Kuchokera pa siteji kufika pa esiteti ndili pa kabaza, madzi akulowa m'khosi kutulukira m'nsapato. Laputopu yanyowa. Ndaipukuta, ndaiyanika pafupi ndi mbaula, ndaipempherera. Zii.

Tsono webusaiti yanga ili pa intaneti pokha. Palibe vuto, tidzaitsegula ndi kompyuta ya ku ofesi.

Dikirani.

Zithunzi zija ndinazichepetsa ndisanatumize?

Sindinazichepetse. SINDINAZICHEPETSE! Chinthu chimene amaphunzitsa tsiku loyamba! Chithunzi cha a Namakhwa chili chonse mmene chinatulukira mu kamera, ndipo chiyenera kudutsa pa kawaya ka akalaliki.

Loweruka, 17 Marichi

Tsiku lonse ndikungoyang'ana kumwamba. Dzuwa la lero likulowa mwaulesi.

Lalowa. Holo yadzaza, masuti aja abweranso. Waya wa foni takoka kuchokera ku ofesi. Pakhoma tapachika nsalu yoyera ya Enifa yoti chithunzi chiziwalirapo kuchokera m'makina oonetsera kanema. A Namakhwa mpando wakutsogolo, chipewa pabondo. Ine tayi pakhosi, gitala ndabisa kuseri kwa chitseko.

Kompyuta yalira. Dzina la esiteti laoneka pansalu. M'manja! Nthungululu! Ndaba diso kwa amalume, aweramira kutsogolo.

Kenako chithunzi chayamba kutsika kuchokera pamwamba, kamzerekamzere. Mtambo. Mtambo. Mtambobe. Nsonga ya nthenga.

Mphindi khumi: nthenga yatha, chipewa chayamba.

Bwana akundinong'oneza: "Imbani kaye, anthu asagone."

Nyimbo imodzi. Ndayang'ana pansalu: theka la chipewa. "Inanso." Yachitatu anthu akankhira mabenchi kukhoma. Yachisanu tayi ndavula. Mayi wa diresi laukwati akutsogolera mzere. Fanuel akumenya ng'oma ngati zamulakwira. Ndipo chokhumudwitsa n'chakuti sitinaimbepo bwino chonchi. Zala zikungoyenda zokha, ine mtima ukulira.

Nyimbo yachisanu ndi chinayi: chipumi.

Yakhumi ndi chiwiri: maso. Maso a a Namakhwa, lililonse ngati mbale, akundiyang'ana kuchokera pakhoma. Kutsogolo kwanga maso enieniwo akundiyang'ananso. Anayi!

Ndikuti limba mtima, mphuno ikubwera, kenako suti, Baibulo, dzina lawo pansi ndi mawu akuti Kapitawo Wamkulu.

Phi! Zaima. Intaneti yaduka.

Akalaliki atulukira pakhomo akumwetulira: "Ndinaona kuti ikuchedwa, ndiye ndanyamula foni kuti ndiwafunse a mafoni chavuta n'chiyani."

Ndalumikizanso. Nsalu yayera. Mtambo. Mtambo. Nsonga ya nthenga.

Holo yonse yakuwa ndi chimwemwe, ati ndiye kuti nyimbo ziyambirenso. A Namakhwa aimirira, avala chipewa chenichenicho, atuluka osacheuka. Enifa wabisa nkhope m'chitenje.

Lamulungu, 18 Marichi

Sindinadzuke. Ndidzukirenji?

8 koloko, odi pakhomo. A Namakhwa, Enifa kumbuyo kwawo. Ndawapatsa mpando, ine ndakhala pansi.

Ati: "Ankhoswe anu abwere Lachitatu."

Ndaganiza kuti makutu anga anagontha ndi ng'oma za Fanuel.

"Thukuta lanu ndinaliona, ulesi mulibe. Komanso munandiika ine poyamba, ulemu mukuudziwa. Chimene mulibe ndi ntchito. Maola awiri, chipewa chimodzi? Telala wa ku Luchenza akanasoka thalauza. Mwana wa mlongo wanga sangadye chipewa."

Akodola Enifa. Walowa atanyamula dengu latsopano ndi thumba la feteleza lobooledwa kale pamutu. Akuluma milomo kuti asaseke.

"Mawa 6 koloko, gulu langa. Ndakulembetsani kale."

Masana uthenga wa bwana manijala wafika. Akufuna bandi pa Khirisimasi. Za webusaiti sanatchule.

Laputopu ikadali zii. Akalaliki ati chithunzi achisiya chikutsika, chafika pa mphuno.

Dengu ndaliyesa. Likundikwana. Lamba wake akudutsa paphewa pomwe pamadutsa lamba wa gitala, pachipsera pomwepo.

Mawa ndivala tayi.