A Zakazingati ndi mlamu wosakula

Pamsewu uno munthu sankakula a Zakazingati asanavomereze. Anali ndi golosale pakona apo, ndipo litangobwera lamulo loletsa kugulitsa fodya kwa ana, mkuluyu analigwira ndi manja awiri. Dzinalo analitengera ku funso lawo.

Dalaivala wina wa dazi long'anima anati, "Ndudu ziwiri, bambo."

Iwo anatsitsa magalasi. "Zaka zingati?"

"Aa! Dazi ili simukuliona?"

"Makanda nawonso amabadwa ndi dazi. Kaitaneni mayi anu adzachitire umboni."

Wina analoza imvi, iwo akuti ndi ufa wakuchigayo. Wina anabwera ndi adzukulu atatu, iwo akuti ana obwereka.

Koma amene anaona zakuda ndi mlamu wawo, kalipentala. Adokotala anali atamuuza mosapsatira kuti akapitiriza kusuta, chifuwa chakecho chimutengera kuli chete. Iye khutu gwa! Mmawa uliwonse ankafika pakauntala akutsokomola, utuchi uli mbuu m'tsitsi.

"Alamu, imodzi yokha."

"Lamulo, alamu. Mudakali khanda."

"Khanda lomwe linakupatsani mlongo wake?"

Kalipentala anabweretsa chitupa. A Zakazingati anachitembenuza, kuchinunkhiza, kenaka n'kumubwezera. "Pachithunzipa pali munthu wamasaya. Inu mwatsala mafupa okhaokha. Si inu."

Kalipentala anazembera kugolosale ya kutsidya kwa msewu. Pofika anapeza mkulu uja ali kale pakhomo, wefuwefu, akuuza mwini wake kuti, "Mwana uyu ndi wakwathu. Mukangomugulitsa ndikuitana apolisi."

Zitamukwana, kalipentala anakatengadi mayi ake, nkhalamba yoyendera ndodo. Anthu anasiya ntchito kudzaonerera.

"Amayi, auzeni akuluwa zaka zanga."

Gogoyo anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. "Uyu? Dzana lomweli ndimamubereka kumsana. Musamupatse."

A Zakazingati anamenya kauntala. "Umboni wamveka!"

Msewu wonse unafa nalo phwete. Kalipentala analumbira kuti sadzapondanso pamenepo, ndipo fodya anamusiya chifukwa cha mkwiyo basi. Chifuwa chija chinayamba kuphwa, masaya n'kubwerera. Zikomo sananene, poti ankati akanena ndiye kuti wavomera ukhanda.

Gogo uja anatsogola. Pasanapite nthawi a Zakazingati nawonso anatsikira kuli chete, munthu wosalawako ndudu chibadwire. Golosale anaigula munthu wina waulemu wake, wosachulutsa gaga m'diwa, ndipo pakona paja pangoti zii. Palibenso woima kuti amvere mkangano.

Tsiku lina kalipentala anapukwa mlamu wake. Analowa, nayedzamira kauntala.

"Ndudu imodzi."

Wogulitsayo anangoiika patsogolo pake, maso ali pafoni. "Nayi, madala."

Kalipentala anadikira funso, koma silinabwere. Anaisiya pomwepo, natuluka n'kukhala pasitepe. Misozi inamutsika anthu akuona, pozindikira kuti padziko pano sipanatsale munthu womuona ngati mwana.