Nambala Seveni Inandiulula

Makolo a pasukulu yathu kuno ku Rufunsa akandiona pamsika amaseka ndisanawapatse n'komwe moni. Ndinazichita ndekha, palibe anandilodza.

Ndimaphunzitsa za kompyuta, ndipo vuto langa ndi kudzimva. Muyenera kudziwa kuti kompyuta sidziwa fayilo ndi dzina. Mkati mwenimweni, m'malamulo oyendetsa makina onse amene timati kenelo, fayilo iliyonse ili ndi nambala yakeyake, ngati khadi la kuchipatala. Nambalayo amati inode. Mafayilo awiri akakhala ndi nambala imodzi, kompyuta imati ndi munthu mmodzi.

Tsono ine, mphunzitsi wa ana amene sanazolowere ngakhale mausi, ndinaona kuti akatswiri a dziko lonse amagawa manambalawa mozungulira kwambiri. Ndinalemba njira yanga: yamba ndi wani, fayilo yatsopano ikabwera onjezera imodzi. Basi! Ndinaiika pakompyuta ya mu ofesi n'kudziombera m'manja. (Funso lakuti makina akazima adzakumbukira bwanji pamene analekezera silinandifike m'mutu.)

Fayilo yachiseveni inali kalata yanga yachinsinsi yopempha transifa kupita ku Lusaka. Ba Hedi, mkulu wa sukulu yathu, mayi amene anandisunga kwawo miyezi iwiri nditangofika, sanadziwe kanthu.

Lachinayi malaiti anathima. Atabwera, makina anayambanso kuwerenga pa wani. Ba Hedi analemba mawu okalankhula pamsonkhano wa makolo, ndipo fayilo yawo inalandira seveni. Posindikiza, kompyuta inafunafuna seveni n'kupeza wakale uja, kalata yanga. Iwo anangopinda pepala osaliona.

Tsiku la msonkhano chimfine chinawatsekera mawu, choncho anapereka pepala kwa Ba Cheyamani a komiti ya makolo, katekisiti wopuma amene akayamba kuwerenga saima mpaka pa ameni. Amawerenga Chingerezi n'kumasulira yekha.

"Akuti, ndikupempha mundichotse pamalo pano," anatero Ba Cheyamani.

Makolo anati, "Aaa! Ba Hedi, talakwa chiyani?"

"Akuti, nzeru zanga zikuola kuno kuthengo."

Ba Hedi anatambasula dzanja kuti alande pepala, koma mkuluyo anangosunthira uko.

"Akuti, abwana anga amaopa kompyuta kuposa njoka, ndipo makolo amangodziwa chimanga." Anatsokomola, n'kuwerenga dzina langa lonse, ndi lapakati lomwe.

Kenako mayi wina kumbuyo anafunsa, "Nanga chimanga chimene tinawapatsa chija, nzeru zawo zinadya kapena zinakana?" Holo yonse inagwa nacho chiseko. Ine manyazi anandigwira moti ndinalakalaka kulowa pansi pa desiki.

Mu ofesi ndinayesa kufotokoza. "Ba Hedi, ni inode chabe, manambala anagundana..."

"Ba Ticha," ananong'ona ndi mawu awo otsekeka, "nambala ndiyo inalemba kuti ndimaopa njoka?"

Chimene chinandipweteka kwambiri n'chakuti sanakalipe. Anatenga kalata ija, anaisaina, anaidinda, n'kuitsekera m'dirowa.

"Idzapita tsiku limene makolo onse amene mwawanyoza adzadziwe kusindikiza okha. Muyamba kuwaphunzitsa Loweruka."

Njira yanga ndinaichotsa tsiku lomwelo, ndinabwezera ya akatswiri aja. Chaka chino ndi chachiwiri ndikuphunzitsa makolo Loweruka lililonse. Ba Cheyamani akadali pa kugwira mausi, ndipo andiuza kuti sali pachangu.