Chitseko cha a Hilario

Januwale wa kuno safuna munthu wa tulo tambiri. Dzuwa limaswa mtengo, kumwamba kuli mbee, koma Shire amakwera mwakachetechete ndi mvula yogwa kwa eni ake, kumapiri a Thyolo ndi Mulanje. Mwezi uno umafuna kuti upalire diso limodzi lili kumtsinje. Umafunanso kuti wina anene kuti, “Basi, tiyeni kumtunda.” Kuno ku Nyakamba, kwa Ndamera, kwa zaka pafupifupi makumi anayi wonena zimenezi anali a Hilario, ndipo sankanena ndi pakamwa. Ankazula chitseko cha nyumba yawo, n’kuchisenza pamutu, n’kuyamba ulendo wa kusukulu ya pamtunda. Ukaona chitsekocho chikuyenda, unkasiya khasu pomwepo.

Inu amene simunawaone, a Hilario anali munthu wamfupi, woonda ngati bango. Chitsekocho chinali cha mlombwa, chakuda ndi ukalamba, cholemera moti anyamata awiri ankachinyamula akubuula. Ukaima patali sunkaona munthu ayi. Unkangoona chitseko chili ndi timiyendo tiwiri, chikudutsa pamsika.

Anabwera nacho kuchokera ku Mozambique m’chaka cha 1986, pothawa nkhondo. Anzawo anasenza chimanga, mapoto ndi mawailesi. Iwo anasenza chitseko. Amati atafika pamalire, msilikali wina anawafunsa kuti, “Bambo, nanga nyumba yake ili kuti?”

“Nyumba ndi dothi,” anatero a Hilario. “Dothi ndikalipeza kutsogoloku.”

Akabwera mlendo wofuna kudziwa mbiri ya Nyakamba, tonse tinkamulozera kwa iwo. Ankamutengera kugombe n’kuyamba kuloza pamadzi.

“Tchalitchi chathu choyamba ndi icho.”

“Kuti, bambo?”

“Apo pakuzungulira madzi apo. Msika wa thonje ndi apo pali mvuu apo. Kuseri kwake ndi bwalo la mpira, ndinagoletsapo zigoli ziwiri. Nyakamba amene mwaimamo uyu ndi wachitatu. Awiri enawo kuti muwaone bwino pafunika bwato.”

Chaka cha kalembera kunabwera mtsikana wa m’tauni, atavala chipewa chachikulu, thukuta lili kamukamu. Anakhala pampando n’kufunsa mwaulemu.

“Agogo, pakhomo pano mumakhala anthu angati?”

“Mwezi wake uti, mwananga?”

“Lero lino.”

“Lero tili awiri. Mu Meyi timakhala asanu ndi anayi, chifukwa pokolola aliyense amakumbuka kuti ali ndi makolo. Mu Ogasiti anyamata amakhala kodula nzimbe. Mu Febuluwale pamene mwakhalapo pamakhala milamba. Ilembeni nayonso, ndi yambiri kuposa ife.”

Mtsikana uja anayang’ana akazi awo, a Emelia, kuti mwina amuthandiza. A Emelia anangopitiriza kupeta mapira.

“Nanga Nyakamba yense, mukamaona muli anthu angati?”

“Zikwi ziwiri, mtsinje ukagona bwino. Koma lembani ndi pensulo.”

M’mawa uliwonse m’nyengo ya dzinja ankapita kugombe kukawerenga madzi. Kumwamba sankayang’anako n’komwe. Ankati mtambo wa kuno ndi wabodza, madzi amene amatipha si athu. Ankaona zimene mtsinje wanyamula. Mabotolo apulasitiki ankati ndi moni wochokera ku Blantyre. Madzi ofiira onyamula mathunthu a nthochi ankati Thyolo walira. Koma nthambi ya paini, yochokera ku Mulanje, ndiyo ankaiopa kwambiri. Ankatunga madzi m’dzanja, kuwanunkhiza, kuwalawa, kenako n’kubwerera kunyumba manja ali kumbuyo, ife tikuwasuzumira m’mipanda ngati tikudikira chigamulo cha mlandu.

Zaka zina ankalakwitsa. Tinkagona m’makalasi masiku atatu, udzudzu ukutidya, madzi osabwera, n’kutsika tikung’ung’udza. Wovutika kwambiri anali a Emelia, chifukwa chitseko chikachoka m’nyumba munkalowa aliyense: mbuzi za eni, achule, tsiku lina ngakhale ng’azi.

“Abambo ake a Dennis,” ankatero, “amuna anzanu akamathawa amanyamula akazi awo. Inu mumanyamula thabwa.”

“Iwe uli ndi miyendo. Chitseko chilibe.”

“Nanga mbala zikabwera?”

“Zikapeza posatseka zidziwa kuti mulibe kanthu.”

Koma nkhani imene ana a kuno amaidziwa asanadziwe katekisimu ndi ya Okutobala wa 2014. Mukudziwa Okutobala wa kuchigwa kuno. Nkhuku zimayenda zitayasama, mbuzi zimamenyanirana mthunzi wa njinga, Shire amaphwa mpaka ng’ona kumaoneka nthiti. Loweruka lina mwezi umenewo hinji la chitseko linathyoka, ndipo a Hilario anachisenza kupita nacho kwa Jeremiya kalipentala. Tsoka lake, Jeremiya amakhomera matabwa ake m’mbali mwa njira ya kumtunda.

Woyamba kuona anali mayi wina wogulitsa zitumbuwa pamsika.

“Chitseko chanyamuka!”

Palibe anafunsa kuti mvula yagwa kuti. Palibe anakumbuka kuti ndi Okutobala. Ola lisanathe njira yonse inali mbuzi, mphasa, mitondo, nkhuku zomangidwa miyendo. Kutchalitchi kunali ukwati. Mkwatibwi anakwera kumtunda pa njinga ya kabaza, velo likuuluka, mkwati akuthamanga pambuyo atanyamula nsapato. Wometa tsitsi anasiya munthu atametedwa mbali imodzi, ndipo ometedwawo anathawa choncho, nsalu ili m’khosi.

A Hilario anali kuseri kwa shedi ya Jeremiya, osaona chilichonse. Hinji litakhomedwa anasenza chitseko chawo n’kutsika. Anapeza msika uli zii, nyumba zili pululu, mphika wa ukwati ukubwata wokha. Anaima pakati pa msewu. “Anthuwa aona chiyani chimene ine sindinaone?” Anatembenuka n’kuthamanga chokwera, chitseko chili pamutu, nkhalamba ya zaka makumi asanu ndi limodzi.

Atafika pasukulu tonse tinawazungulira.

“A Hilario, madzi afika pati?”

“Aa! Ndimati mundiuze inu!”

Tinaseka mpaka nthiti kuwawa. Ukwati unamalizikira pabwalo la sukulu. Koma kuseka kuja kunatidula miyendo, chifukwa miyezi itatu pambuyo pake, mu Januwale wa 2015, chitseko chinadutsanso pamsika dzuwa likuwala. Anthu amene ankamwa mowa pansi pa mtengo wa nimu anakuwa.

“Mdala, hinji lathyokanso?”

A Hilario anaima. Kanali koyamba kuti atichenjeze ndi pakamwa.

“Nkhabe, ayi. Lero tiyeni.”

Ena tinawatsata, mwina theka la mudzi. Ena anati akalowe kaye m’munda, aona mawa. Mawa lakelo Nyakamba anali nyanja. Anthu anakhala m’mitengo masiku awiri, ndipo asanu ndi awiri sitinawapeze mpaka lero. A Hilario sananene kwa munthu aliyense kuti ndinakuuzani. Ankangoyenda kalasi ndi kalasi kuwerenga anthu ndi chala, akamaliza n’kuyambiranso, ngati kuti ulendo wachiwiri apezeka okwanira. Sabata imeneyo chitseko chinagwira ntchito zambiri. Chinanyamula odwala kuchokera pabwato, ndipo mwana mmodzi anabadwira pamenepo.

Kuyambira chaka chimenecho palibe anasekanso. Ngakhale chaka cha namondwe uja wa 2023, mauthenga a boma asanafike pamafoni athu, ife tinali titayala kale mphasa mu Sitandade 5.

Anamwalira mu Juni chaka chathachi, nthawi ya mphepo ya mwera, mtsinje uli phee. Chinali chifuwa cha masiku anayi basi. Jeremiya analibe matabwa abwino, anangotsala ndi tizidutswa ta bulugama. Amuna tili mkati mokambirana zotuma munthu ku boma, a Emelia anatuluka m’nyumba ya siwa.

“Zulani chitsekocho.”

Tinayang’anana. Smart, amene ali ndi golosale pamsika, ndiye analimba mtima.

“Mayi, pepani, koma chitsekocho si chanu nokha. Nanga ife tizidzaonera chiyani?”

“Achisenza zaka makumi atatu ndi zisanu ndi zitatu,” anatero a Emelia. “Lero chiwasenze iwo.”

Jeremiya anachicheka akulira. Bokosi linatuluka lalifupi, lolemera, ndipo onyamula ankasinthana pafupipafupi pokwera kumanda.

Tsopano Januwale wafika, woyamba wopanda iwo, ndipo Nyakamba wasanduka mudzi wa anthu oyang’anana. Mauthenga ochenjeza amabwera pafoni pafupifupi sabata iliyonse, onena za boma lonse la Nsanje. Tikawawerenga timakweza maso kuyang’ana pamsika, ngati kuti padutsa kanthu kotsimikizira. Munthu akasenza thebulo kapena lata anthu amadzidzimuka. Aliyense akudikira kuti mnzake ayambe, chifukwa woyamba ndiye adzasekedwe madzi akapanda kubwera.

Ine nkhawa yanga ndi mayi anga. Chiwagwireni sitiroko chaka chatha sayenda. Madzi akabwera mwadzidzidzi, wa miyendo akwera mumtengo, koma iwo sangafike ndi pakhonde pomwe. Kukwera nawo msanga nakonso si kwapafupi. Chimanga chili pofunika kupalira kachiwiri, mbuzi zitsala ndi yani, ndipo simenti ya m’kalasi imawatupitsa msana. Masiku atatu apitawa ndakhala ndikudziuza kuti ndiona mawa.

Lero m’mawa ndinapita kugombe. Ndinapeza amuna khumi ataima pamene ankaima a Hilario, manja ali kumbuyo. Madzi anali ofiira. Panadutsa thunthu la nthochi, kenako lina, kenako lachitatu.

“Mdala ankanyamuka akakwana asanu,” anatero Smart.

“Bodza,” anatero Jeremiya. “Asanu ndi awiri. Ndinkawaona ine.”

“Sankawerenga mathunthu, ankamva fungo,” anatero wina.

“Ndiye tanunkhiza iweyo, Smart.”

Smart anatunga madzi, kununkhiza, kulawa, n’kulavula.

“Akumveka bwanji?”

“Akumveka madzi.”

Palibe anaseka. Chapakati pa mtsinje panadutsa kanthambi kobiriwira. Wina anati ndi paini, wina anati ndi udzu chabe. Kanapita tisanagwirizane.

Ndinadzera kwa a Emelia. Pakhomo pawo tsopano pamalendewera chiguduli. Ndinawapeza akusenda chinangwa.

“Mayi, ndabwera mundiuze. Bambo aja chiwerengero chawo chenicheni chinali chiti? Mathunthu angati?”

Anaika mpeni pansi.

“Chiwerengero chanji, mwanawe? Analibe chiwerengero. Zolawa madzi zija ankangochita kuti inu muziwasiya aganize. Ankabwera kuchokera kugombe n’kukhala apo, phala lili patsogolo, osalikhudza. Ndikaona lazizira ndinkayamba kumanga mitolo.”

“Ndiye ankadziwa bwanji?”

“Sankadziwa. Ankaopa. Kwathu kuja, nkhondo itayandikira, anati tidikire tsiku limodzi tikolole mapira. Tsiku limenelo ndi limene anataya mng’ono wawo. Chitseko chija anapala ndi mng’ono wawoyo. Kuyambira pamenepo anati bola anthu aziwaseka.”

Anaponya chinangwa m’beseni, n’kutenga china.

“Nanga iwe m’mawa uno wadya?”

Ndinali ndisanadye. Dzulonso nsima ndinangoitsina kawiri.

Ndinapita kunyumba. Ndinapopa matayala a njinga, n’kumangirira pilo pakaliyala ndi chingwe cha mphira. Mlongo wanga Ella anandithandiza kuwanyamula mayi, tinawakhazika chammbali n’kuwamanga ndi chitenje m’chiuno.

“Dzuwa lonseli ukunditengera kuti?” anafunsa mayi.

“Kusukulu, mayi.”

“Madzi abwera?”

“Sindikudziwa.”

“Anthu akuseka, mwana iwe.”

“Aseke.”

Ella anagwira kumbuyo, ine ndinagwira mahandulo. Tinadutsa pamsika pang’onopang’ono chifukwa cha mchenga. Wometa tsitsi anaimitsa lumo. M’minda ya m’mbali mwa njira anthu anaweramuka, makasu ali m’manja, kutiyang’ana. Ine sindinacheuke kuti ndione ngati wina akutitsata. Pachitunda cha kwa Jeremiya tinapuma kawiri, mayi akudandaula kuti chitenje chikuwafinya.

Tinafika dzuwa lili paliwombo. Ndinasesa pakona ya Sitandade 5, kutali ndi zenera losweka, ndinayala makatoni pansi, mphasa pamwamba pake. Tinawatsitsa mayi n’kuwagoneka, ndipo ndinamasula pilo pakaliyala n’kuwatsamiritsa.