Kamzere Kokana Kukwera

Mpaka lero ndikaona mwana wasukulu akudinadina kakyuleta, ndimayang'ana kumbali. Sikuti ndimadana ndi masamu, ayi. Koma kachipangizo kameneka kanatsala pang'ono kundigoneka m'chitokosi, ndipo mkwiyo wake sunandithere.

Inali nthawi ya chipani chimodzi, chakumapeto kwake, chaka chomwe mvula inadula chimanga chisanabereke. Ine ndinali wazaumoyo pa kachipatala kena m'mapiri a ku Neno, ndipo ntchito yanga yaikulu inali sikelo ya ana. Alamu anga, omwe ankaphunzira kunja, ananditumizira kakyuleta yachilendo, yaikulu ngati mtanda wa sopo, ya kagalasi kotakata. Ukaikamo manambala inkakuuza avereji, wolemera kwambiri ndi wopepuka kwambiri, kenako n'kujambula yokha mzere wosonyeza ngati zinthu zikukwera kapena zikutsika. (Ndinkaipukuta ndi mpango woti nkhope yanga sinaulawepo.)

Ndinayamba kuikamo makilo a ana obwera kusikelo, mwezi ndi mwezi, kukopera pa makadi omwe amayi ankabwerera nawo kwawo. Ntchito yowawa, abale! Timabatani tating'onoting'ono, zala zanga zonenepa, ukangophonya pang'ono khanda limalemera kuposa thumba la mbatatesi. Koma tsiku limene mzere unatuluka, ndinaiwala kuwawa konseko. Unayambira pamwamba kumanzere n'kutsetsereka mpaka pansi kumanja. Ana ankaonda. Amayi ankadziwa kale zimenezo, koma tsopano ndinali ndi choonetsa akuluakulu kuti atitumizire ufa wa phala.

Mwayi unapezeka pamene bwana wa zaumoyo anabwera kudzatiyendera kuchokera ku Mwanza (Neno inali idakali pansi pa Mwanza). Chimene ndinaiwala ine wanzerune n'chakuti pamsonkhano uliwonse tcheyamani wa chipani sankasowa. Athu anali a Kachingwe, telala wa pamsika, munthu wanthabwala akakhala pa makina ake, koma akangovala baji ankasanduka wina. Ndipo masiku amenewo mawu oti njala sunkawatchula pagulu. Unkati chakudya chachepa pang'ono, kenako n'kucheuka.

Ndinaimirira pamaso pa anthu, jekete nditamanga mabatani onse, n'kuyatsa kakyuleta yanga kuti bwana aone. Asanaone bwino, a Kachingwe anatambasula dzanja.

"Tabwera nachoni kuno chiwailesi chanucho."

"Si wailesi, atcheyamani, ndi kakyuleta."

"Chabwino. Nanga kamzereka kakuti chiyani?"

"Kakusonyeza kulemera kwa ana athu."

"Kakukwera kapena kakutsika?"

Bwana wa ku Mwanza anayamba kuwerenga chipepala cha katemera chapakhoma ngati sanachionepo chibadwire.

"Kodi ndiye kuti inuyo mukunena kuti ana akuonda?" anatero a Kachingwe, mawu akukwera. "M'dziko lokhuta ngati lino? Mwatumidwa ndi ndani?"

Apa m'pamene nzeru zanga zonse zinathawira kuzidendene. Ndinaseka kaseko kopanda mano, ndati, "Aa, pepani atcheyamani, mwaigwira chozondoka." Ndinailanda mwaulemu, n'kuitembenuza mutu pansi, n'kuwabwezera ndi manja awiri.

Kamzere kaja kankatsikabe.

(Yesani nokha. Jambulani mzere wotsetsereka papepala, mulizondotse, muone ngati ukwere. Ine masamu amenewa ndinawaphunzira chiimirire, pamaso pa tcheyamani. Ndikanangoigoneka cham'mbali kakanakwera bwinobwino, koma nzeru imeneyo inandifikira mochedwa, ndili m'bafa.)

"Eti!" anatero a Kachingwe, akuonetsa anthu. "Kukatembenuza konse kakukanabe. Ndiye kuti kakutsimikiza."

Ndinaona Land Rover ya apolisi m'maganizo mwanga, ndinaona mkazi wanga akumanga katundu yekha. Ndinaitenganso ngati ndikufuna kuikonza, chala n'kupita pa batani lofufuta zonse. Dii! Kagalasi mbee. Thukuta la miyezi yonse ija linapita pomwepo.

"Taonani, yasokonezeka ndi kuzizira," ndinatero. "Zinthu zakunjazi sizidziwa nyengo ya kwathu kuno."

A Kachingwe anasuzumira, n'kugwedeza mutu. "Basi, palibe nkhani." Msonkhano unapitirira, tinaimba, tinaomba m'manja, bwana anakwera galimoto osatchulako za ufa.

M'mawa mwake ndikutsegula chitseko cha kusikelo, ndinangoona a Kachingwe ali pakhonde, opanda baji, atanyamula mdzukulu wawo. Kanali kamwana ka tsitsi lofiirira, timikono ngati bango.

"Adokotala," ananong'ona (sindinali dokotala, koma tsiku limenelo ndinakwezedwa), "tayatsani kanthu kanu kaja. Bwana uja ananditsina khutu asananyamuke. Akuti mukakopera kamzere kaja papepala, tikawatumizira mwakachetechete, ufa ubwera. Ndiye mundionetsenso pamene pali mwana uyu."

"Ndinafufuta, atcheyamani."

"Mwatani?"

"Ndinafufuta zonse. Si inu munati ndatumidwa?"

Anakhala pansi pa benchi, n'kundiyang'ana ngati ndawaphera mbuzi. "Inu, panali anthu paja! Ine ndimayenera kufunsa, ndi ntchito yanga. Inu mumayenera kungoti mabatire atha, n'kuika m'thumba, basi. Aliyense kuno amadziwa zimenezo. Anthu ophunzira inu, mantha bwanji?"

Ndinafuna kukuwa. Ndinafuna kuiponya kuphompho kakyuletayo, iwonso n'kuwatsatiza. Munthu wandiumitsa pakamwa dzulo lomweli, lero akundidzudzula kuti ndinachita mantha! Koma kamwana kaja kankandiyang'ana, ndipo makadi onse anali m'midzi, kuseri kwa mapiri. Panalibe kuchitira mwina koma kuyambiranso, mayi mmodzimmodzi, ndipo ufa unafika mochedwa chifukwa cha chala changa.

Mukandifunsa chimene ndinaphunzirapo, sindikudziwa, chifukwa mpaka pano sindinapeze woyenera kumukwiyira. Ndimangokumbukira kuti woyamba kumupachika pasikelo m'mawa umenewo anali mdzukulu wa tcheyamani. Agogo akewo anayang'ana muvi wa sikelo nthawi yaitali, anacheuka uku ndi uku, kenako anati chapansipansi:

"Lembani momwe zililimu. Koma chonde, musazondotsenso."