Khadi la ubatizo ndi khola la mbuzi

Ndinanyamuka ku Silverest m'mamawa nditavala malaya oyera, ndili ndi chikhulupiriro chonse kuti pofika masana ndikhala nditabwerako. Malayawo lero timapukutira mawindo.

Nkhani yake inali iyi. Ine ndi Tisa, amene pano ndi mkazi wanga, tinapita kukalembetsa ukwati. Akatekisiti anati popanda khadi langa la ubatizo sadzalengeza maina athu Lamulungu, ndipo tikaphonya pamenepo tsiku la ukwati lisuntha. Kukatenga khadi lina kumene ndinabatizidwira, kwa makolo anga kummawa, unali ulendo wa masiku.

Nanga khadilo linali kuti? M'thiranki ya amayi a Esinati ku Bundabunda. Esinati ndi amene ndinkafuna kukwatira poyamba. Tinafika mpaka posonkhanitsa makhadi, kenako zinthu zinasokonekera (kulakwa kunali kwa tonse, koma mbali yaikulu ndivomere inali yanga). Nambala yake ndinali nayo, manyazi ndiwo anandigwira dzanja. Ndiye ndinapangana ndi mtima wanga mochenjera: Loweruka Esinati amakhala pamsika ku Chongwe ndi tomato wake. Ndikafika iye kulibe, ndipemphe khadi, ndiuyatse.

Nditafika, amayi a Esinati atangondiona anataya tsache, namanga bwino chitenje, nakakhala pansi chapatali atayang'ana kumbali, monga achitira munthu kwa mkamwini wake.

"Apongozi, mwatikumbukilako lelo! Nenze kukamba ati nchito yawachulukila ku tauni."

Ndiye kuti chaka chonsechi Esinati sanawauze? Apa munthu wanzeru akanangonena zoona. Ine ndinawomba m'manja n'kuyankha kuti, "Ni nchito zoona, amama."

Kunabwera kapu ya munkoyo, chakumwa chonga thobwa, ndinamwa. Ndikukonza mawu m'mutu, ndinamva nkhuku ikulira kuseri kwa khitchini. Tsopano mundiuze, munthu amene wakuphera nkhuku umayamba bwanji kumuuza kuti ukukwatira mwana wa eni?

"Sitikutumani iyayi," anatero amayi, nkhope ikadali kumbali. "Tidandaula chabe. Khola ya mbuzi inagwa na mvula, manje zingogona panja."

Ndinapempha nkhwangwa ndekha, popanda wondikakamiza. Ndinadula mitengo, kukumba mayenje, kumanga ndi luzi, thukuta lili kamukamu. Amayi awiri oyandikana nawo anabwera kudzaona, ndipo ndinawamva akuyamikira kuti akamwini otere masiku ano ndi osowa. Choipa n'chakuti zinandikomera. Ndinawonjezapo ndi chitseko, chimene panalibe anapempha.

Nkhuku ndinadya ndekha m'nyumba. Dzuwa litapendeka ndinabwerera kukhola kukamaliza denga, ndipo ndi pamene Esinati anatulukira, dengu lili kumutu. Anaima, kundiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Iwe, ufuna chani pano?"

"Khadi yanga ya ubatizo," ndinanong'ona.

"Manje iyo wamanga ndiye khadi?"

Anaseka mpaka kutula dengu. Nditamufunsa chifukwa chake sanawauze amayi ake, anangoti, "Pakamwa uli napo. Yenda ukakambe wekha."

Ndinapita, ndinagwada, udzu uli m'tsitsi. Ndinayambira kutali kwambiri, za mvula, za kudula kwa zinthu, mpaka mawu anatha n'kutsala oona okhaokha. Ndinati ine ndi Esinati tinasiyana, ndapeza wina, ndipo ndadzera khadi.

Amayi aja anatembenuka n'kundiyang'ana m'maso, koyamba chiwadziwireni. Anamasula mfundo ya chitenje chawo. Khadi langa linali momwemo, litakulungidwa m'kapulasitiki.

"Ninaichosa m'thilanki pamene munali kumwa munkoyo," anatero. "Esinati ananiuza siku yamene ija. Nenze kuyembekeza chabe kuti mukambe mweka. Pobwela kufunsila munabwela na pakamwa, pochoka munangosowa monga wakuba. Ise ndise banthu, mwana wanga." Kenako anawonjeza, "Na khola nayo yenze kufuna mwamuna."

Manyazi anandigwira, koma kunena zoona mtima unapepuka kuposa mmene unapepukirapo chaka chonsecho. Ndinapepesa, iwo anandidalitsa, nati ndikamusunge bwino mwana wa eniyo. Esinati anandipatsa tomato wotsala wapamsika, akusekabe.

Lamulungu maina athu analengezedwa. Tikutuluka m'tchalitchi, Tisa anandigwira dzanja ndipo ndinadzidzimuka ndi ululu. Anatembenuza chikhatho changa n'kuona matuza.

"Nanga ivi ni vichani?"

Ndinatsegula pakamwa kuti ndinene zoona, monga ndinali nditangophunzitsidwa kumene, ndi nkhwangwa yomwe. Chimene chinatuluka n'chakuti, "Ni fosholo ya kunchito."